Dzina la Pangolo ya Mayi Stelia

Pamsika wa Kamwendo, mayi Stelia ankatsitsa matumba a mtedza m'ngolo yawo. Bambo wina wodutsa anaima n'kuyamba kuwerenga dzina lolembedwa kumbuyo kwa ngoloyo.

"Hatshepsut. Mayi, ameneyu ndi mwamuna wanu?"

"Ayi bambo, ndi mfumukazi ya ku Iguputo wakale. Anandiuza ndi mwana wanga wa kusukulu ku Guilleme. Mwamuna wake atamwalira, mayiyo anavala ndevu zopanga n'kukhala pampando wa Farao."

"Anthu n'kumangomuyang'ana?"

"Anadikira kuti afe, ndiye anapala dzina lake pamiyala kuti aiwalike. Koma inu si mwaliwerenga lero, ku Mchinji kuno?"

"Nanga lafika bwanji pangolo?"

"Amuna anga atatisiya, alamu anga anabwera kudzatenga ng'ombezi, ati mkazi samanga ng'ombe pagoli. Ndinazimanga iwo akuona, n'kuziyendetsa mpaka kumunda. Kuyambira pamenepo, pakhomo panga anthu ziii! N'chifukwa chake ndinalemba dzina la mfumukaziyo pangolopa."

Bamboyo anaseka. "Tsono ndevu zanu zili kuti, mayi?"

"Ndevu ali nazo alamu anga. Mawa ndikawatutira chimanga. Abwera okha dzulo kudzapempha, chipewa chili m'manja."