Mbale ya a Waisoni pamtengo

Zaka zija malire atangotseguka, pamene munthu ankatha kulowa Joni ndi pasipoti yake osadzera kwa olemba ntchito za m'migodi, ine ndinali kale ndi thebulo lomangirira pamtengo ngati ili Tiyamike wapatsidwa ndi abwana ake ku Geelhoutpark. Talipereka kuno, mwanawe, usalikumbatire ngati khanda. Ee, n'lopepukadi, lichero likulemera kuposa ili, ndipo akuti eni ake amalipinda m'chikwama akamakakwera mapiri, akapeza mtengo amazunguliza lambayu, n'kuikapo kachitofu ka gasi, tiyi wapsa. Amayenda mtunda wonsewo mwadala, popanda munthu amene akumufunafuna. Langa linali thabwa la kireti ya tomato loboola ndi msomali wamoto, lamba wake malegeni a chubu cha njinga, kunsi ndinkachirikiza ndi kamtengo ka mphanda, koma pulayimasi ndi poto linkanyamula osagwedera.

Inu anyamata kumbuyoko, ikani mafoniwo pansi, sindibwereza.

Amuna anga, a Waisoni, anachoka ku Ntcheu kupita ku migodi ya ku Rustenburg mwana wathu Linesi akukwawa, ndipo poyamba ankabwera ndi mabulangete ndi nsapato, koma kenaka kunangoti zii. Abale anga ankati kwatiwa, munthuyo watchona. Abale awo ankati dikira, mwana wathu abwera. Ine sindinali mkazi wa munthu, sindinali mbeta, sindinalinso wamasiye, ndipo amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindinabadwe nako. Ndinasiya Linesi kwa amayi, ndinakwera basi, kuti ndikamve kuchokera pakamwa pawo ngati banja lilipo kapena latha.

Lero mumangotumiza chithunzi pafoni, dzuwa lisanalowe munthu wapezeka. Nthawi imeneyo tinkafunsa ndi pakamwa, ndipo ine Chitswana sindinkachidziwa. Ndinatsika pa renki ya mabasi ku Rustenburg, ndinayamba kuyenda mgodi ndi mgodi, hositelo ndi hositelo, kuima pageti, kutchula dzina. Alonda ankangopukusa mitu. Ndinkagona m'matchalitchi ndi kwa amayi achifundo, ndinkachapira anthu zovala kuti ndipeze ufa ndi palafini, koma kuphika ndinkaphikira panjira.

Pansi sipankaphikika, ana inu. Fumbi la m'milu ya mgodi lija limalowa ngakhale m'poto wovundikira, nyerere zake n'zaukali, ndiponso mbuzi zakuno sizidziwa manyazi. Tsono ndinkasankha mtengo wa mthethe wopanda minga m'munsi, kumanga thabwa langa cha m'chiuno, mbali imene mphepo sikuomba, ndipo ndinkaphika chiimire, maso ali kumsewu.

Kwathu anatilangiza kuti mwamuna akachoka, mbale yake sichoka. Umayamba kupakula yake, kuivundikira, kuiika pamwamba, chifukwa sudziwa ola limene afike, ndipo chakudya cha bambo sichikhala pansi. Ine ndinkatero pamtengo uliwonse. Mbale yawo ndinkaisiya pathabwa, yanga ndinkadyera pamiyendo, nditakhala pamwala, popanda wondiuza kuti mchere wachepa. Ndikatha ndinkamanga yawo m'kansalu n'kudzaidya mawa ngati mkute. Mukuseka? Sekani, nanenso lero ndimaseka.

Munthu wina anandiuza kuti ku Mabeskraal kuli Amalawi okwatira komweko, ndipo ndinapita. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndinamanga thabwa pamtengo wa pamphambano, ndinaphika kabichi, ndinapakula monga mwa masiku onse, kenaka ndinapita kumpopi kukatsuka poto. Pobwerera ndinapeza anthu atazungulira mtengo, koma chapatali, amayi atagwira pakamwa. Taganizani inu zimene ankaona: mbale yovundikira, yomangiriridwa pamtengo, pamphambano, ndi mkazi wachilendo wosayankha moni. Ndinamva liwu limodzi likubwerezedwa, moloi, moloi, ndipo ndinadzadziwa pambuyo pake kuti akuti mfiti. Bambo wina anali atatola kale mwala.

Ine m'malo mochita mantha ndinapsa mtima. Ndinayamba kukalipa m'Chichewa kuti chakudya cha amuna anga chikuwakhudza chiyani, ndipo kukalipako n'kumene kunandipulumutsa, chifukwa mayi wina anazindikira chilankhulo n'kuthamanga kukaitana madala wina wa ku Dedza, a Gama, amene anapuma ntchito ya mgodi kalekale.

Anabwera ndi ndodo yawo, osafulumira, anavundukula mbale, ananunkhiza.

"Kabichi wopanda tomato," anatero. "Mfiti yake yosauka bwanji! Mayi, mukufuna kutiphetsa tonse Amalawi a kuno? Mbaleyi n'ja yani?"

"N'ja amuna anga, bambo."

"Ali kuti?"

"N'zimene ndabwerera."

Anatembenukira anthu aja, anawafotokozera m'Chitswana, ndipo amayi ena anaseka, koma ena sanaseke, anangondiyang'ana. Nditatchula dzina la a Waisoni, a Gama anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuchivalanso.

"Masulani thabwa lanulo, tiyeni. Koma mukafike ndi mtima wa munthu wamkulu."

Nyumba imene ananditengerako inali ya njerwa, yosesedwa bwino, ndipo pakhonde panakhala munthu wowonda atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Ndinawazindikira ndi makutu awo kuti ndi a Waisoni. Chifuwa cha fumbi la mgodi chinali chitawadya. Mkazi amene anakwatira kumeneko, Mma Dineo, anandipatsa mpando ndi madzi, ananyamula kamwana kake n'kupita kuseri, ndipo mpaka lero sindimunenera choipa mayi ameneyo.

"Mwabwera, anaPhiri?"

"Ndabwera."

"Linesi?"

"Ali kusukulu. Amalemba dzina lanu pakope."

Anatsokomola nthawi yaitali. Kenaka anayamba kufotokoza kuti ntchito itatha ankafuna abwere ndi kanthu m'manja, chaka chinapita, chinanso chinapita, manyazi anakula kuposa njira. Ine ndinawadula, chifukwa nkhani zozungulira sindizitha.

"Bambo a Linesi, sindinabwere kudzazenga mlandu. Funso langa ndi limodzi. Mbale yanu ndizipakulabe, kapena ndileke?"

Anayang'ana kuseri kumene kamwana kankalira, anayang'ana manja awo, ndipo a Gama anayamba kujambula pansi ndi ndodo.

"Lekani, anaPhiri."

Ndinathokoza, inde, ndinawomba m'manja monga mwa mwambo, chifukwa mawu amenewo ndinawayendera mtunda wautali. Mma Dineo anandikakamiza kugona, koma ndinakana. Ndinatuluka m'mudzimo, ndinapeza mtengo kutali ndi mphambano, ndinamanga thabwa, ndinaphika, ndipo popakula ndinaona kuti chakudya chachuluka. Dzanja linali litazolowera kupimira anthu awiri. Ndinaima pamenepo ndi chipande m'manja, magalimoto a miyala akudutsa, osadziwa koika chotsalacho.

Kumudzi sindinabwerere msanga. Ndinayamba kuphikira anthu pageti la mgodi, kenaka ntchito za m'nyumba, masana kuchapa, madzulo sukulu ya akuluakulu, mpaka Linesi anamaliza maphunziro ake. A Waisoni anamwalira dzinja lotsatira ulendo wanga wa ku Mabeskraal uja, ndipo ndinapita kukathandiza Mma Dineo kuphika pamaliro.

Tsono inu ana anga, makamaka iwe Madalitso amene ukuyang'ana kumbali, ndikudziwa kuti Joni ndi wovuta, maganyu amatha, ndipo munthu umachita manyazi kuimba foni ulibe chotumiza. Imbanibe. Amene mwawasiya kumudzi saphika ndalama zanu zokha, amaphikanso mawu anu. Ngati mubwerera, nenani kuti ndibwera, ngakhale chimanjamanja. Ngati mtima wakhazikika kwina, musadikire kuti mwana wa eni adzakufunseni ndi mapazi. Limbani mtima, muuzeni aleke kupakula.