Tsiku limene anandipachika pasikelo pa Kasakula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Yotamu, koma kwathu amanditchula Wailesi chifukwa pakamwa panga sipatha batire. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka. Sekani, koma lero ndikukuuzani mmene ndinatsala pang'ono kulandidwa mwana wanga chifukwa cha lilime langali.

Ine ndine wa ku Dowa, ndinakakwatira chikamwini kumapiri a Ntchisi, kufupi ndi Kasakula. Inali nthawi ya matipate, makhansala atangosankhidwa kumene. Mkazi wanga Esinati anamwalira atadwala sabata imodzi, nkundisiyira Takondwa wa zaka zitatu. Apongozi anali atapita kale. Mwinimbumba anali alamu anga a Bikitoni, munthu woti akamwetulira nkhuku zimathawira m'khola.

Maliro asanachitike, Esinati ali moyo, kunabwera mayi wina wochokera kukhonsolo. Anati boma laling'ono laika ndalama zotsegulira sukulu za mkombaphala zaulere: ana azikhala pamodzi mmawa wonse, azimwa phala, makolo azigwira ntchito mtima uli m'malo. Chofunika kunali kulemba maina a ana ndi kuwayeza basi. Tsoka lake, galimoto yawo inatitimira m'matope, ndiye mayiyo anafika atakwera lole ya fodya, sikelo yokoloweka ili m'manja.

Ine nditaona lole ndi sikelo, Satana anandikanda pakhosi. Ndinaima pachitsa pamsika nkunena kuti, "Anthuni, mwaona? Matipate afika pa ana! Akuwayeza ngati mabelo, onenepa giredi wani, apita ku okishoni Lolemba!" Ndinawonjezera kuti ndinaona ndi maso anga mwana wa ku Dowa atasokeredwa m'chiguduli, ali ndi nambala pamsana. Ndinkangofuna anthu aseke. Sanaseke. Ife alimi a fodya timadziwa kuti chokwera sikelo nkukwera lole sichibwerera. Amayi anabisa ana m'nkhokwe, anyamata anagenda loleyo, mayi uja anabwerera kope lake lili loyera mbee. Ine ndinayenda sabata yonse chifuwa chili patsogolo.

Kenako Esinati anandisiya. Fodya anali atapsa m'munda, ndipo fodya sadikira wamasiye. Ndinapempha akazi a pamudzi kuti azindisungirako mwana, aliyense anati manja ndi odzaza. Ndinayesa kumubereka, anthu ankandiimbira nthungululu zonyoza. Ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka malovu amawawa. Ndinkamumanga Takondwa mwendo ndi luzi pamzati wa chigafa, ngati mbuzi, ine nkupita kukathyola fodya.

Tsiku lina ndinamupeza ali gone, thovu kukamwa, tsamba laliwisi la fodya lili m'dzanja. Ndinapalasa njinga kupita kuchipatala cha pa Boma, mvula yake yoti achule ankapempha ambulera. Ndimakonda kunena kuti ndinadutsa basi panjira. Zoona zake ndinagwa katatu, kwinako ndinathamanga wapansi mwana ali paphewa. Anapulumuka, koma luzi linamusiyira chipsera pakakolo.

A Bikitoni sanachedwe. Anamutenga mwanayo pakhomo pa chipatala penipeni.

"Alamu, tambala sayenda ndi anapiye," anatero. "Tikukusudzulani mwezi ukatha. Mukapeza wosunga mwanayu masana, mutenge. Mukalephera, kokani njinga yanu wa ku Dowa."

Ankadziwa kuti sindimupeza. Ndipo sikuti ankamufuna mwanayo, ankafuna munda wa Esinati ine nditachoka. Anandiletsa kuponda pabwalo pawo. Takondwa ndinkamuonera patali kutsidya kwa dambo, atakhala yekha kuseri kwa khola, tsitsi likufiira, mimba ikutupa. Ana awo akamadya, iye ankadikira zotsala. Akandiona ankakweza dzanja, koma osalira, anali ataphunzitsidwa ndi nthyole.

Apo mpamene ndinamva kuti mayi wa kukhonsolo abweranso komaliza, ndipo akapanda kupeza maina, mkombaphala upita mudzi wina. Abale, chinthu chokhacho chimene chikanandipulumutsa ndinali nditachipha ndekha ndi pakamwa. Ndinayenda khomo ndi khomo kuulula kuti ndinanama. Bodza langa analikhulupirira tsiku limodzi, koma choonadi changa anachithira madzi otsukira mbale, ndipo ena anandithiradi.

"Wadya zawo iwe! Wako unammanga ngati mbuzi, ndiye ufuna ugulitse athu?"

Ndinalowa m'chigafa masana dzuwa lili pamutu, ndinagwada pafupi ndi mzati uja, luzi likadali pomwepo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Wailesi inasowa mawu. Ndinangoti, Ambuye, pakamwa apa munapanga ndinu, tsekani kapena konzani, koma mwana yekhayo ndibwezereni.

Mulungu amayankha, koma sakufunsa kuti ukufuna wotumidwa wotani. Ananditumizira Abiti Yusufu, mayi wachisilamu wa golosale ya pa Kasakula, yemweyo amene ndinkamunenera kuti mchere wake amauwerenga kambewu kamodzikamodzi. Anandipeza nditakhala pakhonde pake ngati galu wonyowa, nkundifunsa bwinobwino, ine nkufotokoza zonse.

"Ukufuna mwana kapena ukufuna ulemu?" anandifunsa.

"Mwana, amayi."

"Ubwere tsiku la msika. Usadye zambiri."

Tsikulo mayi wa kukhonsolo anafika. Abiti anamukhazika pakhonde, nkubweretsa zidzukulu zake zomwe, kuziyezetsa ndi kuzilembetsa msika wonse ukuona. Anthu anangoima patali, ana atawagwira zolimba. Kenako Abiti anakoloweka sikelo yake ya chimanga panthambi ya mango, natulutsa chiguduli.

"Wailesi, lowa."

Ndinalowa, mutu wokha uli kunja. Amuna awiri anandinyamula nkundipachika.

"Uyu ndiye anati oyezedwa amapita ku okishoni," anakuwa Abiti. "Tamuyeza. Tidikire lole yake tonse!"

Abale, ndinalendewera pamenepo zaka zitatu. Chabwino, kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Ana anandigenda ndi nthangala za mango, wina anandilemba nambala pachipumi ndi khala, mayi wina anandimenya ndi mtolo wa mpiru. A Bikitoni anagula nzimbe nkukhala kutsogolo kwenikweni, makoko akulavulira kwa ine. Mdala wina anandizungulira, kundinunkhiza, nati, "Belo ili ndi la nkhungu, ngakhale ku okishoni alibweza!" Msika wonse unagwa nacho chiseko. Pamene misozi ya chiseko inkauma, mayi mmodzi anamasula mwana kumsana nkupita pakhonde paja. Wina anatsatira. Pofika madzulo kope lija linali litadzaza, ine miyendo itafa dzanzi.

Khonsolo inasunga mawu ake. Inatumiza ufa wa soya ndi mapoto, inaphunzitsa amayi awiri a pamudzi kusamala ana. Tinayambira m'shedi ya Abiti, malata anabwera ife titaumba njerwa, ndipo zambiri ndinaumba ine. Tsiku losudzula ndinaloza shediyo pamaso pa abale onse. A Bikitoni analibe pothawira, mawu anali awo. Anamubweretsa Takondwa, nkumuvula diresi pomwepo anthu akuona, ati anagula ndi iwo. Ndinalandira mwana wanga ali mbulanda, nthiti zikuwerengeka. Ndinavula malaya anga nkumukulunga. Mundawo anatenga, ine ndinapeza kanyumba kuseri kwa msika.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichititsa manyazi kuti andipulumutse. Ndikuthokoza Abiti Yusufu, amene mpaka lero akandiona amafunsa ngati lole yafika. Inu amene muli m'dzenje lokumba nokha, musaleke kupemphera, ndipo chiguduli chikabwera, lowani.

Takondwa tsitsi linada, koma akaona luzi amabisala kumbuyo kwanga, chipsera chijanso sichinachoke. Lachisanu lililonse ndimapita kumkombaphala kukawasimbira ana nkhani. Ndikangofika poti ndinadutsa basi panjinga, iye amaimirira, phala lili kumasaya, nkunena mokweza kuti, "Ababa akunama!"

Ndipo ine ndimati Ameni, chifukwa wondigwira bodzayo ali pompano.