Juzi ya pa Mpanda

Enid Braddock anali atakhala masabata atatu m'matope kunja kwa mpanda wa asilikali kumwera kwa England, pamodzi ndi amayi anzake okana mabomba a nyukiliya, ndipo mwamuna wake Cyril, munthu woti anakalambira ku positi ofesi, sanamulembere ngakhale kakalata kamodzi. Choncho atamuona akutsika basi m'mawa wa Loweruka, nyuzipepala ili m'khwapa, mtima wake unadumpha, koma nkhope anaiumitsa gwa.

"Wabwera," anatero Enid, akuphula ketulo pamoto.

"Ndabwera kudzatenga changa."

Mawu amenewa ndi amene Enid ankawadikira, ndipo yankho lake anali ataliloweza kalekale.

"Chako? Ine si katundu wako, Cyril. Sindichoka pano mpaka mabombawa atachoka. Kaya ugwada m'matopemu, kaya ulira."

"Ndigwadirenji? Thalauzali ndi la kutchalitchi."

"Ndiye ukufuna kuchita kundinyamula?"

"Ndi msana uwu? Ine ndikunena juzi."

"Juzi!"

"Yobiriwira ija, yobooka pachigongono. Iyi apa." Anatambasula nyuzipepala n'kuloza chithunzi cha mpanda, pamene anali atazunguliza ndi pensulo. "Ndaisaka nyumba yonse. Kenako ndikuiona patsamba lachisanu."

Zinamupweteka Enid. Munthu kukwera mabasi awiri m'chisanu chotere, osati chifukwa cha mkazi wake, koma chifukwa cha chovala! Anamutsogolera kumpanda. Pawaya ponse panali tinsapato ta makanda, zithunzi, matewera, zidole, ndipo pakati pake panali juziyo, yomangidwa ndi ulusi wofiira, mikono ili tambasu.

Cyril anaifinya pang'ono. "Yanyowa. Ngati umafuna kuiyanika, kunyumba kuli chingwe."

"Siinayanikidwe! Yapachikidwa."

"Kusiyana kwake?"

Enid anatulutsa chipepala m'thumba la chikhoti n'kumuponyera. Cyril anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza, chala chikutsata mawu. "Mayi aliyense abweretse chimene amachikonda koposa, chimene bomba lingawononge, adzachipachike pampanda." Anakweza maso. "Koposa."

"Eya."

"Ndiye kuti m'nyumba monse muja, iwe unasankha juzi."

"Eya."

"Osati wotchi ya mayi ako."

"Ayi."

"Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikupikisana ndi juzi osadziwa. Ukanangonena, bwenzi ndikukusiyira uzivala Lamlungu."

"Cyril, usandiyese dala. Juziyo ikuimira munthu."

"Siikuima. Ikulendewera."

"Ikuimira mwini wake!"

Apa Enid anaona kuti wanena zoti ngakhale chitsa chingamve. Mawu achikondi sanali chakudya chake. Ngakhale pa tsiku la ukwati anawanena ndi abusa, iye anangovomera. Koma Cyril anavula chipewa pang'onopang'ono, nkhope itagwa ngati wamva uthenga wa maliro.

"Mwini wake," anatero.

"Wamva."

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Horace Ogden."

"Horace wa khomo lachiwiri? Walowamo bwanji?"

"Juziyi ndi yake. Ndinabwereka kwa iye chaka chija ndinagwera mumtsinje tikuwedza. Sindinabweze."

"Nanga suja wati wadzatenga chako?"

"Changa povala. Chake pogula."

"Horace! Wopanda mano uja?"

"Anaikitsa atsopano. Uyenera kuti unaona."

"Ine ndione mano a Horace? Munthu woti akayamba kukamba za anyezi ake, anthu amathawa m'sitolo?"

"Ndi munthu wabwino," anatero Cyril, akuzunguza chipewa m'manja. "Ali ndi galimoto. Amadziwa kuvina. Ine sindikuimba mlandu."

"Mayo ine!"

"Ndikamuuza lero lomwe. Si bwino munthu kumakondedwa chonchi iye osadziwa."

"Ukangomuuza ndikupha!"

Cyril anayang'ana zinsalu zolembedwa zimene zinali pachipata. "Pa msasa wa mtendere?"

Amayi amene ankaotha moto anali atasiya kumwa tiyi, makutu ali tcheru. Enid anawaona, manyazi anamugwira, koma mkwiyo unaposa.

"Ndi iwe, chitsiru iwe! Iwe! Bowolo linabooka ndi chigongono cha ndani? Fungo la fodyali ndi la ndani? Anzangawa akamanena za bomba amaganiza za dziko lonse. Ine ndimangoona iwe uli pampando wako uja, ukuwodzera, pakamwa pali yasa. N'chifukwa chake ndili m'matope muno!"

Kumoto kuja wina anaomba m'manja. Wapolisi amene anali kuseri kwa waya anayamba kuwerenga mitambo.

"Ine," anatero Cyril.

"Iwe. Ndipo iweyo ngakhale kalata!"

"Ndinalemba asanu ndi awiri." Anasisita thumba la jekete, ndipo munamveka mapepala.

"Nanga osatumiza bwanji?"

"Unandisiyira adiresi yoti 'pachipata, pafupi ndi moto.' Imeneyo si adiresi, Enid. Anzanga akuntchito akanandiseka."

Enid anafuna kuseka, anafuna kulira, ndipo anangomina. Pamene ankabweza kampango m'thumba, Cyril anali atabwerera ku chipepala chija, chala chili pamzere woyamba.

"Koma apa walakwitsa."

"Chiyaninso?"

"Alemba kuti ubweretse chimene umachikonda. Sanalembe kuti ubweretse chovala chake."

"Cyril, n'chizindikiro chabe."

"Mawu amenewo palibe apa." Anamupatsira chipewa. Anamupatsira magalasi. Anavula jekete n'kumupatsiranso.

"Ukutani?"

Cyril anawerama, mawondo akulira, n'kulowa m'juzi muja chakumunsi, iyo ikadali yomangidwa. Panapita kanthawi waya akugwedera. Kenako mutu wa dazi unatulukira pakhosi, manja n'kutulukira uku ndi uku, ndipo bamboyo anaima tambalala, msana uli kumpanda, pakati pa thewera ndi chidole.

"Basi," anatero. "Tsopano zalongosoka."

"Tulukamo! Amuna saloledwa pa msasa uno!"

"Sindili pa msasa. Ndili pampanda."

"Apolisi akumanga!"

"Wandimanga kale ndiwe. Ulusi ndi wako."

"Juziyo ndi yonyowa, Cyril! Chifuwa chako chija waiwala? Chaka chatha unagona mwezi wathunthu!"

"Ikufunda. Horace amadziwa kugula."

Mvula ya mawawa inayamba. Enid anaona timadontho tikutera padazi paja, anaona milomo ikuyamba kunjenjemera, ndipo mantha anamugwira enieni, oposa a mabomba onse a kuseri kwa waya. Anayesa kumasula ulusi, koma mfundo zake anali atazimanga yekha, moti ngakhale asilikali zinawakanika. Anamuveka chipewa mokalipa.

"Chabwino. Wapambana. Wamva? Wapambana! Ndikukatenga sizasi ndi chikwama changa. Basi ya masana tikwera tonse, tikupita kunyumba."

Cyril anapotoza khosi, n'kusuzumira kudzera m'mawaya, kumene magalimoto a asilikali anali ndandanda. Kenako anamuyang'ana mkazi wake modabwa kwambiri.

"Kunyumba? Mabomba akadali momwemu? Pita wekha, Enid. Mbale zikukudikira musinki chichokere iwe."