Zebron Akana Kuchoka Pagalasi

Rosaria anatsamiritsa njinga pakhomo la ofesi ya kalabu ya mkaka cha ku Palabana, nalowa osaodira. Alamu ake ankati ng'ombe ziwiri za m'khola mwake n'zawo, poti kompyuta ya kalabuyo inkatchulabe mbale wawo, malemu Zebron. Rosaria anabwera kuti dzina la mwamuna wakeyo lichoke lero lomwe, palembedwe lake.

Kalaliki, Fabian, anagogoda mabatani ndi zala ziwiri nati zatheka. Rosaria anasuzumira pagalasi la kompyutayo. Sukulu analekezera panjira, koma dzina limene linali pamenepo akanaliwerenga ngakhale ali kutsidya kwa msewu.

"Uyu nindani?"

"Ni ba Zebron, amai."

"Simwakamba kuti mwachotsa?"

"Nachotsa. Mukati muli imwe. Pagalasi ndiye pakali beve."

"Manje alamu anga azalowa mukati kukaniona?"

Fabian analiyang'ana bokosi la kompyutalo, nayankha kuti sangakwanemo. Anafotokoza kuti galasi limeneli limachedwa kumva: limakakamira zakale mpaka munthu atatseka n'kutsegulanso.

"Kuchedwa kumva ndiye yeve uyo," anatero Rosaria. "Ali moyo, ukamuitana pa Mande anali kuyankha pa Chitatu."

Anayamba kumuuza kalalikiyo zonse zimene anapirira pamaliro. Tsitsi anameta, mankhwala anasamba, mbuzi inaphedwa kuti mzimu uchoke m'nyumba. Ndiye uchoke m'nyumba kuti udzagone m'bokosi la kalabu? Fabian anati iye analitsegulapo bokosilo, muli kafani koziziritsa ndi fumbi basi.

Rosaria anavula patapata.

"Choka apo, nimuonetse."

"Patapata mulibe mu buku ya malangizo, amai."

"Izalowamo lelo."

Fabian anatchinga galasi ndi mkono umodzi, winawo n'kutseka msangamsanga, n'kutsegulanso. Galasi linaphethira. Pamwamba pa ng'ombe ziwiri zija panatuluka dzina la Rosaria, la Zebron osaonekanso.

"Mwaona, amai? Ng'ombe ni zanu. Alamu abwele aone."

Rosaria anangoima, patapata ili m'mwamba. Jekete la Zebron alamu anatenga maliro asanathe, wailesi yomwe. Chithunzi Zebron sanajambulitsepo, ankati n'kutaya nthawi. Tizilembo tobiriwira ta dzina lake tija ndi timene tinatsala.

"Wamupeleka kuti?"

"Imwe mwakamba kuti achoke."

"Nakamba kuti achoke osalawila?"

Anakoka mpando wa alendo, nakhala moyang'anizana ndi galasi, patapata ili pamiyendo.

"Mubweze. Sininasilize kumukalipila."