A Kapitawo ndi Unyolo wa Loweruka

Anamfedwa, abale, anansi, ndi inu nonse amene mwachokera kutali, banja landipatsa udindo wonena mbiri ya achimwene athu amene agona apawa.

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1968, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1975, ya sekondale anamaliza mu 1987, ndipo mu 1990 analandira satifiketi ya ntchito zamagetsi. Mu Januwale 1991 analembedwa ntchito pa fakitale yopanga ndowa ndi mabeseni a pulasitiki, pamene anagwira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Pa 13 Ogasiti 1994 anakwatira alamu athu amene akhala kumutu kwa bokosiwa.

Mu 2006 fakitale inagula makina atsopano. Makinawo anabwera ndi mabuku a m'Chitchaina, mabatani ake olembedwanso m'Chitchaina. Malemu ankati sangamagwire chinthu chimene chikuwachenjeza iwo osamva. Choncho mu Febuluwale 2007, ali ndi zaka 38, analembetsa pa sukulu ya madzulo ya chilankhulochi. Sukuluyo inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali, mabenchi ake a ana, moti mawondo awo ankagunda tebulo. Kunyumba ankayeserera mawu ali pagalasi, ndevu atameta mbali imodzi. Alamu ankauza alendo kuti asadabwe, bambo sanadwale, akuwerenga. Chifukwa ndiwo ankafika moyamba kudzafufuta bolodi, anzawo anawapatsa dzina loti a Kapitawo. Anamaliza maphunzirowa mu Disembala 2009, ndipo fakitale inawapatsa udindo wina womasulira akabwera akatswiri a makina.

Pa 30 Novembala 2012 sukuluyo inatsekedwa chifukwa nyumba inagulitsidwa. Aphunzitsi anabalalika. Mayi Mphunzitsi Wamkulu, amene anaiyambitsa, anabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja, kumene chilankhulochi chimachokera. Patangopita miyezi iwiri, mnzawo wina amene ankakhala naye benchi limodzi anamwalira, ndipo malemu anazimva mwezi utatha, maliro ataikidwa kale. Anabwera kunyumba osadya. Anauza alamu kuti anthu amene anachitira limodzi manyazi polakwitsa mawu pamaso pa mphunzitsi ndi pachibale, ndipo wachibale samva za imfa pamsewu.

Loweruka pa 2 Malichi 2013 anayambitsa chimene anachitcha unyolo, cholumikiza anzawo a pa sukulu ija. Kachitidwe kake nkosavuta. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, m'mawa, malemu ankaimbira foni a Telala. A Telala ankaimbira a Namwino, a Namwino ankaimbira a Dalaivala, wina aimbire wina, aliyense munthu mmodzi yekha. Womaliza anali Mayi Mphunzitsi kwawoko, ndipo iwo ankaimbira malemu. Foni ikalira m'nyumba mwa achimwene dzuwa lisanalowe, ndiye kuti onse ali moyo ndipo amvana mawu. Malamulo anali awiri: moni aziyamba m'Chitchaina kuti lilime lisachite dzimbiri, ndipo uthenga wolemba suwerengedwa. Anayamba anthu khumi ndi mmodzi. Lero alipo oposa makumi asanu ndi limodzi, ophunzira ndi aphunzitsi omwe.

Achinyamata atapempha kuti atsegule gulu la pafoni m'malo mwa unyolo, malemu anavomera gululo koma anakana kusiya unyolo. Ankati pagulu munthu atha kukhala chete chaka chathunthu anzake nkumangoti ndi wofatsa. Pa 3 Juni 2017 foni sinabwerere. Malemu anatsata mmodzimmodzi mpaka anapeza kuti unyolo wadukira pa a Dalaivala. Anakwera basi, nkukagogoda pa chipinda chawo cha lendi, ndipo anawapeza ali pansi, akulephera kudzuka kuyambira dzulo lake. A Dalaivalawo ndi amene anayendetsa galimoto imene yabweretsa thupi lino.

Ife a banja sitibisa kuti unyolowu unkatitopetsa. Loweruka loyamba simukanawatuma kutali. Pa ukwati wa mwana wawo wamkulu anatuluka zithunzi zili mkati, foni ili kukhutu, ndipo pa chithunzi cha banja pali mpata pamene anayenera kuima. Alamu ankati anakwatiwa pa mitala, mkazi mnzawo ndi foni.

Mu Epulo 2023 anawapeza ndi matenda a impso, ndipo anapuma pantchito mu Disembala chaka chomwecho. Pa 18 Febuluwale 2025 anagonekedwa m'chipatala. Za ululu sankadandaula. Nkhawa yawo inali imodzi, ndipo ankaibwereza kwa aliyense wodzawazonda: unyolo umayambira pa iwo nkuthera pa iwo, ndiye iwo akachoka, Mayi Mphunzitsi, amene tsopano ali ndi zaka 81 ndipo amakhala okha, adzaimbira ndani? A Telala anadzipereka, a Namwino anadzipereka, koma malemu ankati aliyense ali kale ndi malo ake. Anatisiya Lachisanu pa 28 Febuluwale masana, nkhaniyi isanathe.

Tsiku lotsatira linali Loweruka loyamba la mwezi. M'mawa, nyumba itadzaza olira, alamu analowa kuchipinda, natenga foni ya malemu pa tebulo. Popanda wowauza, anaimbira a Telala. Anawapatsa moni wa Chitchaina uja, amene kwa zaka khumi ndi ziwiri ankangomumva akusita zovala, kenaka anawauza za imfa, nawapempha kuti aimbire a Namwino monga mwa masiku onse. Uthenga unayenda munthu ndi munthu, ndipo palibe amene anaumvera pamsewu. Madzulo foni inalira. Anali Mayi Mphunzitsi. Alamu anayankha moni, mawu awo a chilankhulocho nkuthera pomwepo. A Telala, amene anali atafika, anamasulira funso la mayiwo: mwezi wamawa aimbire ndani? Alamu anati auzeni nambala ndi yomweyi.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu ziwiri, mlongo mmodzi ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a kuchipinda cha odwala impso, akuluakulu a fakitale, anansi amene mwagona nafe pano, ndi inu a unyolo amene mwanyamula bokosi mosinthana. Mayi Mphunzitsi akutimvera pa foni imene alamu agwira m'manja. Zikomo, Mayi.

Achimwene, a Kapitawo, foni inabwerera dzuwa lisanalowe. Onse alipo. Usani mu mtendere.