Nkhuku Yopanda Nthutumba ku Halale

Ndalemba izi kuti zimveke pa wailesi, chifukwa kwathu ku Nathenje akundinenabe kuti ndine mkazi wakuba ndiwo mumphika. Ndine mphunzitsi, ndipo ndinatsatira amuna anga ku Halale, kumene sitinkaloledwa kuweta nkhuku m'komboni. Apongozi aamuna atabwera kudzationa, ndinagula nkhuku yotumbula kale kubutchala, ndi kuiphika mwaulemu wonse.

Iwo anavundukula mbale, nafufuza. "Nthutumba ili kuti? Kodi mlendo pano ndine kapena amayiwa?" Anaikankha mbaleyo osalawa.

Amuna anga ankadziwa bwino kuti nkhuku za kumeneko zimagulitsidwa zopanda zam'kati, koma anangoti, "Mayi, pepesani kwa bambo." Ndinagwada, ndi kupepesa chinthu chimene sindinadye.

Amene analipo ndi awa: apongoziwo, amuna anga, alamu anga awiri, ndi mwana wanga wamkazi, amene ndinamuphunzitsa kuti asamaname.