Bo Nalishebo, Mlonda wa Ndalama za Odwala

Anamfedwa nonse, abusa, ndi inu amene mwawoloka dambo kudzatikhuza, ndaima m'malo mwa banja kuti ndinene za moyo wa mayi athu agona apawa.

Malemu Bo Nalishebo Mukelabai anabadwa pa 14 Malichi 1957 m'mudzi wa Situnga, kutsidya kwa Zambezi. Anali oyamba mwa ana asanu a Bo Mukelabai, amene anali asodzi, ndi Bo Namasiku. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mayi awo anamwalirira m'bwato nthawi ya madzi osefukira, pa ulendo wopita kukachira ku chipatala. Bo Nalishebo anali m'bwato momwemo, akukapa madzi. Nkhaniyi sankakonda kuikamba, koma ife tikudziwa kuti ndi imene inawapatsa makani pa zonse zokhudza odwala.

Sukulu anayamba mu 1965. Bambo awo anagulitsa ng'ombe kuti mwana wawo asalekere panjira, ndipo mu 1978 anamaliza maphunziro owerengera ndalama ku Kabwe. Mu 1981 anakwatiwa ndi Bo Lubinda Wamundila, aphunzitsi, amene mpaka lero amanena kuti pofunsira anafunsidwa mafunso ochuluka kuposa pa mayeso a boma.

Ntchito anayamba mu 1979 ku ofesi ya zaumoyo. Patapita zaka anawaika kuyang'anira ndalama zimene boma limayenera kutumiza, monga mwa lamulo, ku zipatala za kumidzi ndi ku nyumba zosamalira okalamba. Ndalama zimenezo ndi zimene zinkagula chakudya cha odwala ndi mafuta a boti lonyamula amayi oyembekezera.

Mu 1996, madzi atayamba kukwera, kunamveka kuti kukubwera alendo akuluakulu. Bwana wawo, amenenso anali msuweni wawo weniweni, Bo Imasiku, anawalamula kuti apatuleko ndalamazo abwerekere matenti ndi kugula ng'ombe ya phwando. Anati, "Mlongo wanga, tidzabweza mwezi wamawa. Usandichititse manyazi pamaso pa alendo." Malemu anayankha kuti, "Achimwene, mimba sidikira mwezi wamawa. Ndalamazi zili ndi eni ake, ndipo eni akewo sanaitanidwe ku phwandoko." Anakana kusaina. Boti linayenda nyengo yonse ya madzi, koma mwezi usanathe malemu anasamutsidwira ku kachipatala ka kumalire ndi Angola, kumene galimoto imafika m'chilimwe mokha.

Anakhala kumeneko zaka zitatu, ana ali ndi bambo awo. Ana amakumbukira mpunga wopserera wa zaka zimenezo. Anzawo akawaseka, Bo Lubinda ankati, "Nanga nditani? Ndinakwatira lamulo, ndipo lamulo lapita kumalire." Koma tchuthi chilichonse ankapalasa njinga kukaona akazi awo, kwina akuikankha mumchenga, atanyamula nsomba zouma ndi mango. Sitinawamvepo akuuza akazi awo kuti akapepese.

Banja linagawikana. Ena a ife tinkati Bo Nalishebo anyoza mbale wawo, ena tinkati achita bwino. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi asuweni awiriwa sanapatsane moni. Mu 2002, pa ukwati wa Inonge, mwana woyamba wa malemu, Bo Imasiku anatulukira osaitanidwa, akukusa ng'ombe. Malemu anaiyang'ana bwinobwino nafunsa kuti, "Imeneyi mwagula ndi ndalama za ndani?" Iwo anati, "Za m'thumba mwanga, mayi wamakani iwe." Onse anaseka mpaka misozi, udani n'kuthera pomwepo. Bo Imasiku anatsogola mu 2015, ndipo amene anawadwazika ndi malemuwa.

Atapuma pa ntchito mu 2012, anasankhidwa mu komiti ya nyumba ya okalamba ya mpingo wathu. Ndalama za boma zikachedwa, ankanyamula zoluka zawo n'kukakhala pabenchi la ku ofesi ya boma kuyambira m'mawa. Anyamata a kumeneko akati, powatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba, "Bo Ma-Inonge, mwabweranso kudzapempha?" iwo ankati, "Ayi mwanangu, wopempha amagwada. Ine ndabwera kudzakumbutsa." Ambiri a anyamatawo analandira zipewa zolukidwa pabenchi lomwelo, ndipo ena ndikuwaona pano.

Matenda a shuga anawapeza mu 2018. Ku chipatala ankakhala pamzere ngati wina aliyense, anamwino akawaitanira kutsogolo n'kumakana. Pa 2 Juni chaka chino anagwa akuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anagonekedwa sabata ziwiri, ndipo anatisiya pa 17 Juni 2024, dzuwa lili paliwombo, Bo Lubinda atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 67.

Asiya amuna awo, ana anayi, Inonge, Sitali, Mwangala ndi Nalukui, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mng'ono wawo mmodzi, Bo Mutumba. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a mpingo amene agona pano chiyambire maliro, adzukulu okumba manda, ndi agogo athu a ku nyumba ya okalamba amene anakakamira kuti awabweretse.

Tikuthokozanso a chipatala potitumizira galimoto yonyamula thupi. Musakhumudwe, koma tikuibweza. Ali chigonere, malemu anauza Inonge kuti, "Tsiku langa likadzafika, galimoto ya odwala isadzanyamule munthu amene wachira kale." Choncho a dalaivala, bwererani ku ntchito, mwina wina akukudikirani. Ngolo ya ng'ombe ili pachipatapo, ndipo ife titsatira pambuyo wapansi.

Bo Ma-Inonge, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.